Chaka Chimene Esita Anali ndi Amayi Awiri

Anthu akamakumbukira zaka zimenezo amati kunali ndalama. Sanama. Mkuwa unali pa mtengo, ufulu unali udakali watsopano, kwacha ndi ngwee zinali zitangolowa m'malo mwa mapaundi ndi masheleni, ndipo anyamata a m'migodi ankayenda mu Kitwe atavala masuti pakati pa sabata. Koma ine chaka chimodzi cha nthawi imeneyo ndimachikumbukira ndi njala. Ndalama siphikidwa, ndipo ifeyo ngakhale ndalamazo tinalibe.

Tinkakhala ku Chimwemwe, m'nyumba ya kanselo ya zipinda ziwiri. Ine kwathu ndi ku Ntcheu, amuna anga a Chisale kwawo kunali ku Dedza. Iwo anabwera kumigodi ali mnyamata, ndipo anakhala kalaliki pa kampani ina yomanga nyumba zaka khumi ndi zisanu. Tinali ndi mwana mmodzi, Esita, wa zaka ziwiri ndi theka, ndipo ndinali woyembekezera. Kumigodi mkazi amaitanidwa ndi dzina la mwana wake, mwa Chibemba, choncho ine ndinali bana Esita.

Okutobala

Tsiku lina a Chisale anabwera masana, nthawi yomwe sankabwera, atanyamula kapu yawo ya tiyi ndi jekete yomwe inkakhala ku ofesi. Anandipatsa kalata, iwo n'kukhala pansi. Chingelezi ine ndinalibe, ndinangoigwira.

"Akuti malo anga akufunika mwana wa dziko lino," anatero. "Andithokoza kwambiri. Pansipo andithokozanso kachiwiri."

Sanali okha. Akalaliki ambiri a kwathu anachotsedwa miyezi imeneyo, ndipo Lamulungu lililonse mabenchi a ku tchalitchi kwathu ankaonjezera mipata. Kunamveka kuti boma likulemba mayina a alendo onse, ndipo tsiku lina kudzabwera malole kudzatitaya kumalire. Palibe amene anaiona loleyo ndi maso ake, koma aliyense ankadziwa munthu amene msuweni wake anaiona.

Ndinawapempha kuti tizipita kwathu mvula isanagwe, tikalime. Anakana.

"Ndinachoka ku Dedza ndi bulangete limodzi. Ndibwerere ndi bulangete lomwelo, kuonjezapo mkazi ndi ana? Ntchito ndipeza."

Khoma la nyumba yathu linali limodzi ndi la a Tembo, anthu a ku Katete m'dziko momwemo, Akatolika. Bamboyo ankawotcherera zitsulo m'galaja ina m'tauni, komanso anali mlembi wa chipani m'chigawo chathu. Ankadziwa khomo lililonse, wakuno ndani, wakunja ndani. Mkazi wake Veronika anali wamkulu kwa ine zaka zingapo. Pa zaka zisanu ndi zinayi za banja anabereka kawiri, ana onse osalira. Pa mpopi tonse tinali bana uje, bana uje, iye yekha tinkangoti mai Tembo. Chinyanja chake ndi Chichewa changa zinkamvana, ndiye tinkacheza, koma a Chisale ankandichenjeza.

"Khomali ndi lopyapyala. Ndipo mng'ono wake wa Tembo akufuna nyumba, usaiwale."

Tinali ndi kamunda kudambo, njira ya ku Kafue, malo opanda mwini weniweni amene aliyense ankangodulapo chigawo chake. Kale kanali ka mondokwa wosangalatsa pakamwa. Chaka chimenecho ndinakakuza mpaka kuchulu.

Novembala

Mvula inagwa kamodzi, yamphamvu, tonse tinathamangira kukabzala. Kenako kumwamba kunayera mbee. Chimanga chinamera, chinafika msinkhu wa chala, n'kupserera.

Mwezi womwewo ufa unayamba kusowa m'masitolo. Ena ankati kumidzi sanakolole bwino chaka chapitacho, ena ankati eni masitolo akubisa matumba kuti mtengo ukwere, enanso ankati ufa ukuwolokera ku Congo. Tinkaima pa mzere kuyambira mbandakucha mpaka teni koloko, mwini sitolo n'kutuluka, n'kukuwa kuti, "Ubunga bwapwa!" kutanthauza kuti ufa watha. Pa mzerepo tinaphunzira kusayankhula Chichewa. Mayi wina wa kutchalitchi kwathu anangoti "pepani" ataponda mnzake, anamuuza kuti akaime pa mzere wa kwawo.

Ku msika kambale ka ufa ka faifi ngwee kanafika pa teni, kenako fifitini, ndipo kambaleko ndikakayang'ana kankaoneka ngati akakhoma pansi kuti kasalowe zambiri. Akazi a amuna a m'migodi anali ndi ndalama m'mipango, ankagula buledi ndi mpunga. Ife tinagulitsa wailesi.

A Chisale ankakwera basi kupita ku Ndola kukafunsa ntchito m'mafakitale. Pageti ankawafunsa chitupa, akachiona ankawabwezera mwaulemu. Potsiriza anapeza kabokosi, n'kumakhala pafupi ndi positi ofesi kulembera makalata anthu osadziwa kulemba. Tsiku labwino ankabwera ndi ya kambale kamodzi.

Disembala

Mvula inabwerera, tinabzalanso mbewu yopempha.

Kumapeto kwa komboni kunali tchalitchi cha Akatolika, nyumba ya masisitere, ndi kachipatala ka ana ka mabedi ochepa. Mwezi umenewu masisitere anayamba kuphikira ana osakwana zaka zisanu phala la mkaka wa ufa, tsiku lililonse naini koloko. Lachisanu mayi aliyense ankalandira kathumba ka ufa ndi nyemba. Sankafunsa za mpingo. Koma panali buku.

Sisitere wamkulu anali mzungu wamtali, wouma thupi, woyankhula Chibemba chotulukira m'mphuno. Tinkamutcha Sisita Sikelo, chifukwa ankapachika ana pa sikelo ngati nyama ya ku butchala. M'bukumo ankalemba dzina la mwana, la mayi, la bambo, nambala ya nyumba, ndi kumudzi kwa makolo. Ana ena ankawabaya chala n'kutenga kadontho ka magazi. Ena ankawajambula.

Pa mpopi nkhani inali imeneyo. Akuluakulu ankati awa ndi banyama, amene kwathu timati anamapopa, akunenepetsa ana kuti adzawapope bwino. Ena ankati zithunzizo zimapita kwa azungu osabereka kuti azisankha. Ine za banyama sindinkazikhulupirira kwenikweni. Chimene chinkandiopsa chinali mzere uja wa kumudzi kwa makolo.

A Chisale anadula nkhaniyo ndisanaimalize.

"Ndakhala ndi azungu m'maofesi zaka khumi ndi zisanu. Buku lililonse lili ndi mwini wake, ndipo mwini wakeyo si amene akulembamo. Nanga matumba a mkakawo akutsitsa ndani pa lole? Si Tembo?"

Zinali zoona. A Tembo, monga mkulu wa pa tchalitchi chawo, ankathandiza kutsitsa katundu, ndipo ine ndemwe ndinawaonapo ataimirira pa tebulo la Sisita Sikelo, buku lili chotsegula.

"Dzina langa lisalowe mmenemo," anatero a Chisale. "Khirisimasi ikatha zinthu zisintha."

Januwale

Zinasinthadi. Dzuwa linabweranso milungu itatu, chimanga chili m'mawondo, masamba n'kupotana. Mango anatha. Tinayamba kudya kamodzi patsiku.

Esita ndinali nditamuletsa kuyamwa chifukwa cha pakati. Ndinkamupatsa phala lamadzimadzi lopanda kanthu, nthawi zina chinangwa chophika. Anasiya kusewera. Tsitsi linafiira n'kumasosoka ndikamamupesa, mapazi anatupa, ndikadina ndi chala pankatsala kadzenje. Sankaliranso mokweza, ankangong'ung'udza ngati kamwana ka mphaka.

Mayi wina wamkulu wa kutchalitchi kwathu anamuyang'ana n'kunditengera pambali.

"Ili ndi tsempho, mwananga. Mwana satupa chabe. Funsa bambo wake kumene amayenda."

Ndinakumbukira maulendo a ku Ndola aja. Sabata yathunthu ndinkanunkhiza malaya a amuna anga ndisanawachape. Nditawafunsa, sanakalipe. Anavula nsapato n'kundionetsa pansi pake, pomwe anali atatsekapo chibowo ndi katoni.

"Mkazi wake uti angandifune ine?"

Tsiku lotsatira mai Tembo anandipeza pakhonde, Esita ali pamiyendo. Anagwada, anadina phazi la mwanayo, anayang'ana kadzenje kaja mpaka kanadzaza.

"Bana Esita, uyu si tsempho, ni njala. Mwezi wamawa muzamuika m'manda."

"Bambo wake anakana za buku."

"Nidziwa. Khoma ni limodzi." Anaseka pang'ono, ine sindinaseke. "Nipatseni ine nimupereke. Nizakamba kuti ni wa m'nyumba mwathu. Bambo, Tembo. Kumudzi, Katete. Buku likapita ku boma lizapeza mwana wa dziko lino."

"Nanga inu mupindulapo chiyani?"

Ndinafunsa choncho, mosabisa.

"Unga wa Lachisanu ni wanu wonse. Ine nili nawo wanga."

M'mawa mwake ndinamusambitsa Esita, ndipo ndinamuika ndekha kumsana kwa mai Tembo. Madzulo ndinawauza a Chisale. Anatsuka m'manja pang'onopang'ono, n'kunena kuti, "Ine sindinamve kanthu."

Febuluwale

Mvula inagwa yosalekeza, dambo linadzaza, theka la munda linamira. Chimanga cha kuchulu chokha ndicho chinaimirira.

M'mawa uliwonse hafu pasiti eyiti mai Tembo ankagogoda, n'kumutenga mwana, n'kudzamubweza cha m'ma leveni atanunkha mkaka. Lachisanu ankabwera ndi kathumba kosamasula, n'kukaika patebulo panga kuti ndione kuti sanatapemo. Mapazi a Esita anayamba kuphwa. Ndinayamika Mulungu, koma maso anga sanagone.

Leveni inasanduka thwelofu, thwelofu inasanduka wani koloko. Ankati mzere unali wautali. Tsiku lina mwana anabwera tsitsi atalimanga ndi kansalu kofiira. Tsiku lina ndinali pa mpopi, mayi wina wa Chibemba anakuwa kuti, "Bana Esita!" Ndinatembenuka. Sankaitana ine. Mai Tembo anayankha asanandione, ndipo atandiona anayang'ana m'ndowa yake.

"Ni mmene aniitanira kwa masisitere," anatero tikubwerera. "Nikane?"

Pakati pa mwezi kunagwa chikuku mu komboni. Esita anatentha thupi, maso anamatirira, tizilonda tinatuluka m'kamwa. Tinathamanga naye tonse awiri, iye atamubereka, ine ndikutsatira ndi mimba yanga. Sisita Sikelo anamulandira mwanayo, n'kulowetsa mai Tembo. Ine ananditchinga ndi mkono pakhomo.

"Aneba panja. Ndipo inu ndi mimba yanuyo musayandikire muno."

Ndinafuna kumuuza zoona. Koma ndinaganiza: ndikanena kuti mayi wake ndine, amuthamangitsa mwanayo chifukwa cha bodza, kapena atsegula buku n'kufunsa za bambo wake. Ndinatsala panja.

Anakhalamo masiku khumi ndi limodzi. Ine ndinkapita kawiri patsiku, n'kuima pa zenera la kuseri, pa njerwa yomwe ndinapeza pamenepo. Ndinkaona mai Tembo akumudonthezera madzi m'kamwa ndi supuni, akumupukuta m'maso, akumusintha matewera. Anaonda m'masiku amenewo, chitenje chinkamuzungulira kawiri. Tsiku lachisanu ndi chimodzi ndinapeza katani itatsekedwa. Ndinagogoda pa galasi, palibe anatsegula. Ndinakhala pa njerwa ija mpaka dzuwa linapendeka. Kenako katani inasuntha, mai Tembo anaonetsa nkhope yotupa ndi kulira, n'kugwedeza mutu kuti alipo, akupuma.

Malichi

Esita anatuluka ali mafupa okhaokha, koma maso ali otsegula. Pomusambitsa ndinapeza kachingwe m'khosi, pali kamendulo ka Akatolika. Tsiku lomwelo ndinamva kudzera pa khoma mai Tembo akuuza amuna awo kuti, "Tereza wadya bwino lero."

A Chisale anakadula kachingweko ndi lezala.

"Amubatiza. Mwana wobatizidwa kale, m'manja mwa abusa athu! Kodi mwana ndi ng'ombe, yoti aliyense aziidinda chizindikiro chake?"

Anayankhula monong'ona, chifukwa cha khoma lija. Kupita kwa a Tembo sakanatha. Ndinapita ndine, osati kwa a Tembo koma kwa Sisita Sikelo. Ndinadikira mzere wa phala uthe, ndinalowa, ndinasonkhanitsa Chibemba changa cha ku msika.

"Mwana uja Esita, amene mukuti Tereza, ndi wanga."

Anavula magalasi. Anatsegula buku, anayendetsa chala, n'kuima.

"Mayi wa mwana ameneyu anamwalira ku Katete. Anali mng'ono wake wa mai Tembo. Ndi mmene ndinalembera."

Ine, woyembekezera wa miyezi isanu ndi itatu, munthu woti posachedwa ndikaima pakati pa moyo ndi imfa, wina anali atanditchula kale womwalira, ndipo zinalembedwa ndi inki.

Ndinafotokoza zonse. Sisita Sikelo anafiira mpaka m'makutu.

"Chithunzi chake ndinatumiza kale kwa anthu a kwathu amene amagula mkakawu. Ndinawauza kuti ndi wamasiye. Mwandinamitsa kwa anthu amene amandikhulupirira. Ndipo akanafa tsiku lija, ndikanamupereka kwa mayi wina kuti akamuike."

"Nanga buku lanuli limapita kuti?"

"Silipita kulikonse. Ndimangowatumizira chiwerengero."

"Ndiye kumudzi kwa makolo mumalemberanji?"

"Mayi akamwalira kapena akathawa, ndimafuna kudziwa kokafuna abale."

"A chipani saliwerenga?"

"Anandipemphapo," anatero. "Ndinakana."

Yankho limenelo silinandikhazike mtima pansi. Ngati anapempha, ndiye kuti ankalifuna. Ndipo banja lina la kwathu limene linalembetsa mu Disembala linali litachoka sabata yapitayo. Ena ankati linathamangitsidwa, ena ankati linangotopa ndi njala.

Anatenga cholembera, anakhwatcha mzere uja, n'kundiyang'ana.

"Ndilembe ndani? Zoona zokhazokha, apo ayi sindilemba."

Ndinaganiza za a Chisale, ndinaganiza za lole. Koma kukhala womwalira m'buku la anthu a Mulungu sindikanatha. Ndinatchula dzina langa, la amuna anga, nambala ya nyumba. Pa kumudzi ndinati Ntcheu, ndipo ndinamuthandiza kalembedwe kake.

Mai Tembo ndinamupeza akuchapa kuseri kwa nyumba yake.

"Munandipha."

Manja ake anaima m'beseni.

"Ku tchalitchi onse adziwa kuti nilibe mwana. Nikanakamba kuti namutola kuti? Nikanati mai wake alipo, akanati abwere yekha."

"Mukanandiuza."

"Mukanavomera?"

"Nanga ubatizo?"

Anaimirira, thovu likudontha m'zala.

"Anali atatembenuza maso, bana Esita. Sisita anati sangafike madzulo. Abambo ansembe anali kupita m'mabedi na madzi a ubatizo. Anga awiri anapita opanda madzi, opanda dzina, anawakwirira monga tuagalu. Uyu anali m'manja mwanga. Munafuna nichite bwanji?"

"Anali nalo kale dzina."

"Nidziwa," anatero, n'kukhalanso pansi, n'kupitiriza kuchapa.

Kuyambira tsiku limenelo ku phala ndinkapita naye ndekha. Ndinamva kuti Sisita Sikelo anamudzudzula mai Tembo pamaso pa azimayi anzake. A Tembo anasiya kutipatsa moni. A Chisale nditawauza kuti dzina lawo lalowa m'buku, anakhala masiku atatu osandiyankhula, ndipo anamanga zikalata zawo zonse m'kathumba n'kukapachika pafupi ndi chitseko. Lole iliyonse ikalowa mumsewu mwathu tinkasiya kutafuna.

Epulo

Lole sinabwere. M'masitolo munafika ufa wachikasu wochokera kunja. Amuna ankati umapha mphamvu za m'nyumba, koma ankaudya, ndipo kambale ka ku msika kanatsika kufika pa teni ngwee. Kuchulu kuja tinayamba kuthyola mondokwa ndi maungu.

Ndinachira mwana wamwamuna pakati pa mwezi. Pobereka zinavuta, ndipo pa nthawi yovutayo chimene chinkandibwerera m'mutu chinali mzere wokhwatchidwa uja. Azimayi atabwera kudzaona mwana, wina anaseka n'kunena kuti, "Mwapeza wina tsopano, wamkuluyo mungowapatsa mai Tembo. Anamuvutikira." Onse anaseka. Mai Tembo anali atabwera ndi sopo, anamuika pansi n'kutuluka.

Esita anayambanso kuthamanga, ndipo miyendo yake inkadziwa njira imodzi. Ndikangotembenuka kuyamwitsa khanda, iye ali kale khomo linalo. Ndinkakamutenga, akulira, akugwira chitenje cha mai Tembo. Mai Tembo sankamuitana, zimenezo sindingamunamizire. Koma chitseko chake sankatseka.

Meyi

Chimanga chinauma. A Chisale anapeza ntchito yowerengera matabwa pa malo ena ochekera, ya malipiro ochepa koma ya mwezi ndi mwezi. Mwezi womwewo tinamva kuti a Tembo apeza ntchito yabwino ku fakitale ina ku Ndola, ndipo asamuka Loweruka.

Lachinayi ndinakamutenga Esita kwawoko. Katundu anali atamanga kale. Pamwamba pa sutikesi panali kadiresi katsopano kabuluu ndi tinsapato toyera, msinkhu wa Esita ndendende. Pambali pake panali buku la mapemphero la mai Tembo, ndipo m'katimo munkasuzumira pepala lodindidwa. Kuwerenga Chingelezi sindinkatha, koma mayina ndinkawadziwa. Panalembedwa kuti Tereza Tembo. Linali pepala la ubatizo.

Ndinamutenga Esita n'kubwerera naye kunyumba. Ife pepala lililonse la Esita tinalibe. La kutchalitchi kwathu abusa anali asanatipatse. Atamukweza pa lole, ine n'kupita ku polisi, akanamvera ndani? Mlembi wa chipani wokhala ndi pepala lodinda, kapena mkazi wa mlendo wokhala ndi pakamwa pokha?

A Chisale anati mwina ndikuganiza mopitirira. Anali iwo omwe aja ondichenjeza za khoma.

"Mkazi uja anagona pansi masiku khumi ndi limodzi chifukwa cha mwana wathu," anatero.

"N'chifukwa chake ndikuopa," ndinayankha.

Loweruka m'mamawa ndinabereka khanda, ndinagwira Esita padzanja, tinatulukira khomo la kuseri kupita kumunda. Ndinakolola tsiku lonse. Zitsononkho zinali zazing'ono, zina za mano ochepa ngati nkhalamba, zonse pamodzi matumba awiri osadzaza. Nditamaliza ndinakhalabe pachulu, Esita akusewera ndi makoko, mpaka mthunzi unatalika.

Titafika, nyumba ya a Tembo inali yotseka, mazenera opanda makatani. A Chisale anali pakhonde, kadiresi kabuluu ndi tinsapato tija zili pa mpando pambali pawo.

"Lole ya katundu wawo inabwera naini koloko," anatero. "Pofika teni inali itadzaza. Mai Tembo anakana kukwera. Anakhala apa, pamene waimapo, mpaka thu koloko. Dalaivala anaimba hutala mpaka anatukwana, Tembo anakalipira mkazi wake pamaso pa anthu."

"Ankafuna chiyani?"

"Kumuveka Esita. Akuti ankafuna angomuona atavala."

Esita anali atandisiya kale dzanja. Anapita pa chitseko cha a Tembo n'kuyamba kumenya ndi zikhatho zonse ziwiri.

"Anadziwa kuti ndamubisa?"

"Anafunsa kuti muli kuti, ndinati kumunda. Anati, kukolola na khanda la mwezi umodzi?"

"Nanga pepala?"

A Chisale anatenga kansapato kamodzi n'kukatembenuza m'manja.

"Ndinamupempha. Anati, mwana ni wanu, pepala chabe munisiyire."

Esita anamenya chitsekocho mpaka anatopa, n'kukhala pansi pomwepo. Ndinakamunyamula, sanakane.

Diresi ija anaivala mpaka inamuthina m'khwapa. Mai Tembo sanabwerenso, ngakhale kalata sanalembe. Komabe kwa zaka ziwiri, galimoto yachilendo ikaima mumsewu mwathu, ndinkasiya chilichonse chimene ndikuchita n'kutuluka kukaona kumene Esita ali. Ku Ndola si kutali, pa basi ndi ola limodzi. Ndinakhala ku Kitwe zaka zina makumi awiri, ndipo sindinapite kukamufuna.